Chigwiriro Chopanda Mfunda

Kamera yanga inakomoka Loweruka lina mu Juni,
m'tchalitchi ku Katawa,
mphete ili pakati pa chala ndi chala.
Kabatire kofiira kanaphethira kawiri, kenako mdima.
Pamene ndinkapapasa m'chikwama kufuna lina
nthungululu zinali zitalira kale.
Mpaka lero mkazi wa Chindikani
akandiona pa depoti amayang'ana mitambo.

Kuzizira kwa kuno kumafumbwa mabatire
ngati anankafumbwe m'thumba la chimanga.
Ndiye ndinati ndigule chigwiriro,
chija amamangirira kunsi kwa kamera,
chonyamula mabatire awiri m'mimba,
kuti lina likagona linzake lipitirize ulonda.

Chenicheni, chobadwa bere limodzi ndi kamerayi,
ndinachifunsa pafoni kwa munthu wa ku Lilongwe.
Atatchula mtengo ndinakhala pansi pakhonde la eni.
Lendi ya miyezi inayi ku Chibavi,
fizi ya Tamika pamwamba.
"Mulipo, mayi?" anafunsa.
Ndinanamizira netiweki.

Lero ndili mu Taifa, matope mpaka m'akakolo.
Bambo Mwakalinga afukula katoni pansi pa matchaja:
zigwiriro zitatu zotsika ndi basi ya ku Songwe,
maina ake lilime langa likuwakana.

Choyamba chapepuka ngati chigubu chopanda madzi,
ndikachigwedeza china chake chikuyankha mkatimo.
Chachiwiri sikuluu yake ikungozungulira osaluma,
ngati kasitomala wa zithunzi za ngongole.
Ndakumbuka Yotamu wojambula pageti la yunivesite:
chake chinkayamwa mabatire usiku, kamera ili chizimire,
nkhupakupa yeniyeni,
tsiku la magawuni anadzuka alibe moto.

Chachitatu ndachifumbata nthawi yaitali.
Chikununkha pulasitiki watsopano,
guluu akusuzumira m'mphepete mwa labala,
koma chili ndi kulemera kwa chinthu chofuna kukhalitsa.
Ndagulula kachitseko ka batire, mtima uli m'mwamba,
ndalowetsa, ndamanga.
Chaluma.
Kamera yalemba pagalasi kuti mlendoyu siikumudziwa,
imulandirebe?
Ndadina kuti inde.
Nanenso pofika m'tauni muno
panalibe wodziwa bambo anga.

Ndaitembenuza kamera choimirira.
Chigongono changa, chomwe kwa zaka zisanu
chakhala chikuuluka ngati phiko la nkhuku yogwidwa,
chatsika kudzapuma panthiti.
Batani lachiwiri lili pomwe chala chimalifuna.
Khetche!
Bambo Mwakalinga ali m'galasi, kukamwa yasa,
mtengo uli theka panja, theka pakhosi.

"Nanga galanti?"
Aseka mpaka kutsokomola.
"Galanti ndine, NyaLuhanga.
Ndimapezeka pompano, kupatula Lamulungu ndi maliro."
Takokanakokana, iwo akulumbira pa ana awo,
ine ndikuyamba kumasula sikuluu pang'onopang'ono
kuti aone kuti miyendo ndili nayo.
Achotsako pang'ono. Ndaonjezera ya kabaza.
Kwathu ndibwerera wapansi.

Sindikudzinamiza ayi.
Mvula ya kuno, ija yosawerenga kalendala,
tsiku lina idzaupeza mng'alu.
Kagudumu kake kadzayamba kudumpha manambala
mwina chaka chisanathe.
Mlamu wanga adzati zotchipa n'zodula,
iye amene sanajambulepo ngakhale mbuzi.
Koma chodulacho chili ku Lilongwe, m'galasi la sitolo,
ndipo ana a anthu sasiya kukwatirana
podikira kuti ine ndilemere.

Ndikukwera chitunda, chifunga chikutsika kudzandichingamira.
Lamba wandiluma khosi, kamera yanenepa,
ikugunda pachifuwa ngati mwana wokhuta.
Usiku uno ndiizimitsa, ndiigoneka pampando,
m'mawa ndidzaone ngati mlendoyu ndi wakuba.

Loweruka kuli ukwati ku Zolozolo.
Mabatire awiri adzakhala m'chigwiriro,
lachitatu m'bulauzi, pakhungu penipeni, pofunda,
pomwe chisanu cha Mzuzu sichinafikepo.